Kacitsulo Kamene Kagoneka Lole ya Matani Khumi pa Mseu

Munthu amene ayenda pa mseu waukulu wa Great East Road m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, pamene mbewu za alimi zili pa ulendo wopita ku misika, salephera kuona nthambi zobiriwira zitandandalikidwa pa tala. Nthambizo ndi cenjezo lakuti kutsogolo kuli galimoto yakufa. Akapitirira pang'ono apeza lole itaima, miyala ili kunsi kwa matayala, matumba a cimanga ali phee pansi pa tenti, ndipo woyendetsa ndi mnyamata wace alikuphika nsima pa mafuwa m'mbali mwa mseu. Pa zitunda za Manenekela, pamene lole yocokera ku Chipata iyamba kukwera itaoloka ulalo wa Luangwa, zotere sizacilendo konse.

Mtolankhani wanu anaima pa lole ina yotere pa zitundazo. Kunsi kwa injini kunali cithaphwi ca madzi ofiira ngati a m'dambo la katondo. Atafunsa cimene cinavuta, mnyamata wa pa loleyo anatambasula dzanja lace naonetsa kacitsulo kozungulira, kofanana ndi civundikiro ca kabotolo ka mafuta odzola, kodyeka ndi dzimbiri, kali ndi ciboo coti nsonga ya cala ca kanise n'kulowa. Madzi onse a mu injini anathera pa cibooco.

Lole ya matani 10 inyamula matumba 200 a makilogalamu 50. Kawirikawiri matumbawo sakhala a munthu mmodzi. Akhala a mabanja angapo amene anasonkha ndalama zolipira loleyo, ndipo m'matumbamo ndimo muli feteleza wa caka cino, mbewu, ndi zobvala za ana a sukulu. Mvula yoyamba ikawapeza pa mseu, citayiko cigwera onsewo. Kacitsulo kamene kanawaimika mtengo wace sufika ngakhale pa wa nkhuku imodzi.

DZINA LACE NDI CIYAMBI CACE

Amakanika a kuno akachula kacitsuloka amati welshi pulagi. M'mabuku a injini a ku Britain alemba kuti core plug, ndipo ku America ambiri amati freeze plug. Dzina loyambalo licokera kwa abale a banja la Welch, amene anali ndi kampani yopanga magalimoto ku Pontiac, m'cigawo ca Michigan, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Nkhani imene isimbidwa ndi yakuti tsiku lina poyesa galimoto, cotsekera ca pa injini cinathothoka madzi nayamba kutayika, ndipo mmodzi wa abalewo anatenga ndalama yacitsulo naikhomera pa ciboo. Madzi analeka. Kucokera pamenepo iwo anayamba kupanga tizitsulo topindika pang'ono tokhomera pa ziboo zotere.

Nanga n'cifukwa ciani injini ikhala ndi ziboo zofuna kutseka? Yankho lili m'kapangidwe kace. Thunthu la injini, limene amakanika amati buloko, aliumba mwa kuthira citsulo cosungunuka m'cikombole ca mcenga. Aliyense amene anaonapo anyamata oumba miphika ya aluminiyamu m'makomboni adziwa m'mene nchito yotere iyendera. Koma buloko isiyana ndi mphika, pakuti m'kati mwa zipupa zace muyenera kukhala tinjira ta madzi tozungulira masilinda. Kuti tinjirato tipangike, oumba aika m'cikombole zibuma za mcenga womata, ndipo citsulo cizungulira zibumazo. Zibumazo zifuna miyendo yozigwira kuti zisasunthe pothira citsulo, ndiponso citsulo cikazizira mcenga ufuna potulukira. Miyendoyo ndiyo isiya ziboo m'mbali mwa buloko, kumbuyo kwace, ndi pa hedi. Mcenga ukakutumulidwa, ziboo zisalazidwa ndi makina ndi kutsekedwa ndi mapulagi. Injini ya masilinda asanu ndi limodzi ikhala nawo angapo mbali ndi mbali, ena poonekera, ena obisika kuseri kwa sitata, kwa pampu ya dizilo kapena kwa mapaipi a utsi.

Dzina la ku America lija linabwera kaamba ka cisanu ca kwao. Madzi akaundana afufuma ndi magawo 9 pa 100, ndipo mphamvu yace ikhoza kung'amba citsulo. Nthawi zina madzi oundanawo akankhira pulagi kunja, anthu n'kumaganiza kuti inaikidwa dala kuti ipulumutse buloko. Zoona zace n'zakuti mabuloko ambiri ang'ambika ndi cisanu mapulagi ali cikhalire m'malo mwace.

Kuno kwathu nkhani ya kuundana tingoimva. Inde, m'miyezi ya Juni ndi Julayi cisanu cimagwa m'madambo ndi m'madera monga Sesheke, n'kuocha masamba a nthoci ndi tomato, koma sicifika poumitsa madzi m'kati mwa injini ya lole. Cimene cipha mapulagi m'Zambia ndi dzimbiri, ndipo dzimbirilo tiliitana tokha ndi madzi amene tithira m'rediyeta.

MADZI A PA CITSIME

Malole ambiri amene atumikira midzi ya ku Cigawo ca Kum'mawa ndi okalamba. Alipobe a Mercedes-Benz a mphuno yaifupi okhala ndi injini ya OM352, imene inayamba kupangidwa mu 1964. Alipo a Bedford, a Leyland ndi a Tata, ndipo ena mwa awa ananyamulapo matumba a makilogalamu 90 kupita ku madepoti a NAMBOARD bungwelo lisanathetsedwe mu 1989. Ocuruka masiku ano ndi a Isuzu, Hino ndi Mitsubishi Fuso amene anagwira kale nchito zaka zambiri ku Japan asanafike kuno. Matalakita a Massey Ferguson a injini ya Perkins nawonso ali m'gulu lomweli. Onsewa ali ndi mapulagi amene mwina sanakhudzidwepo ciyambire pa fakitale.

Cizolowezi ca oyendetsa ambiri n'cakuti madzi akacepa m'rediyeta atunga pa mjigo, pa citsime, kapena pa mtsinje umene uli pafupi. Madzi a pa mjigo kawirikawiri ali ndi mcere ndi laimu. Mayi aliyense adziwa zoyera zimene zimata pansi pa ketulo yowiritsira madzi otere, ndipo zomwezo zimata m'tinjira ta mu injini. Madzi a mu mtsinje abwera ndi matope, amene adikha pansi pa buloko, pomwe pali mapulagi a munsi. Ndiponso madzi atsopano alionse abweretsa mpweya watsopano, umene ndiwo cakudya ca dzimbiri. Motero lole imene idontha pang'ono, imene mwini wace aithira cigubu m'mawa uliwonse, icita dzimbiri msanga kuposa imene madzi ace akhalitsa.

Cipupa ca buloko n'cocindikala, koma pulagi ndi kalata kopyapyala, kongopitirira pang'ono milimita imodzi. Ndiyo iyamba kubooka. Coipa n'cakuti idyeka kucokera m'kati. Kunja ingaoneke yosalala, ya penti wace wa ku fakitale, cikhalirenico kwatsala kakhungu cabe. Akulu anati cikomekome ca nkhuyu m'kati muli nyerere.

Pa mseu wosalala kakhunguko kangapirire miyezi. Pa citunda, injini ikamakoka katundu ndi giya yaing'ono, madzi atentha ndipo mphamvu yace yokankha ikula. Tikumbukirenso kuti m'madera okwera monga Chipata, amene ali pa mamita oposa 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, madzi awira pa madigiri 96 kapena 97, osafika pa 100. Civundikiro ca rediyeta cinapangidwa kuti cipanikize madzi kuti asawire msanga, ndipo kupanikizako kufuna pofooka potulukira.

Pulagi ikabooka pang'ono icenjeza. Muona mzere wofiira wotsika m'mbali mwa buloko, kapena zoyera zouma mozungulira pulagi, kapena madzi alikucepa tsiku ndi tsiku pamene mapaipi a labala ndi rediyeta zili zouma. Musafulumire kuweruza, cifukwa madzi ocokera pa pampu ya madzi kapena pa gasiketi ya hedi amatsetsereka n'kudzadonthera pa pulagi yosalakwa. Pukutani buloko yonse madzulo, ndipo m'mawa muyang'ane ndi toci pamene cinyezi cayambira. Pulagi yokayikitsa itobeni ndi nsonga ya sikuludilaiva injini ili yozizira. Yabwino ilimba, yowola ibonyoka.

Ikathothoka yonse pa ulendo, madzi atha m'kanthawi kocepa. Apa pali msampha umene wapha mainjini ambiri. Geji ya kutentha iwerenga kutentha kwa madzi, ndipo madzi akatha kacida kace katsala pouma, kotero kuti muvi wa geji ungaime pamalo amodzi kapena kutsika kumene. Woyendetsa akhulupirira kuti zonse zili bwino kufikira atamva fungo la penti wopserera. Pamenepo hedi yapindika kapena yang'ambika, gasiketi yapsa, ndipo mapisitoni afufuma nagwira m'masilinda. Nchito imene ikanatha ndi nyundo ndi kacitsulo kamodzi isanduka yotsitsa injini yonse.

KUCOTSA YAKALE

Nchitoyi siifuna zida zodula. Ifuna kudekha. Injini iyenera kuzizira kotheratu, pakuti kutsegula rediyeta yotentha kwasupula nkhope za anyamata ambiri. Ikani miyala kapena mitengo kunsi kwa matayala. Ngati lole ili ya kabu yopendama, onetsetsani kuti cogwirira cace cakhoma bwino musanalowetse mutu. Masulani waya wa batire, cifukwa mapulagi ena ali pafupi ndi sitata, pamene pali waya wamkulu wa moto, ndipo sipanala ikagunda pamenepo ithetheka. Tulutsani madzi pa kampopi ka pansi pa rediyeta ndiponso pa kampopi kapena bauti ya m'mbali mwa buloko. Kampopi ka pa buloko kakatsegulidwa osatuluka kanthu, dziwani kuti matope afika pamenepo.

Zimene zichinga njira zicotsedwe. Sitata ndi mapaipi a utsi munthu wozolowera masipanala angacotse. Koma pampu ya dizilo isamasulidwe ndi munthu wosadziwa kubwezera taimingi yace.

Mapulagi ali a mitundu iwiri. Wofala m'malole a zaka zapitazi uli ngati kambale kakuya kokhala ndi milomo, ndipo ugwira ndi milomoyo. Wina, umene upezeka m'mainjini akale a ku Britain, uli ngati ndalama yotumphuka pakati, ndipo ukhala pa kacidutswa kosemedwa m'kati mwa ciboo.

Pocotsa ya kambale, ikani cokhomera cosathwa m'kati mwace, m'mphepete mbali imodzi, ndi kumenya pang'onopang'ono. Mbali imeneyo ilowa, ina ituluka, monga citseko cizungulira pa mahinji. Gwirani yotulukayo ndi pulayala ndi kukoka. Musamenye pakati ndi mphamvu, cifukwa kuseri kwace, patali ngati kunenepa kwa cala, pali cipupa ca silinda. Pulagi ikagwera m'kati musaisiye poganiza kuti ilibe kanthu. Ikhoza kuchinga njira ya madzi silinda imodzi n'kumatentha yokha. Itembenuzeni ndi waya kapena ndi maginito ndi kuitulutsa cam'mbali. Ya mtundu wa ndalama iboolidwa pakati ndi kutukulidwa ndi citsulo cosongoka, ndipo woboola asamale kuti cobooleraco cisapitirire.

Pa zonsezi cinthu cofunika kucisunga ndi mlomo wa ciboo ca buloko. Pulagi ndi yotaya, koma mlomowo ukakandika ndi cizulo, madzi adzatsata mkandowo masiku onse, ngakhale muike pulagi yatsopano kakhumi.

Ziboo zikali zotsegula, uwu ndi mwai umene subwera kawiri. Lowetsani waya wopindika ndi kupala matope amene ali pansi, ndipo tsukani ndi paipi ya madzi kufikira otuluka ayera. Anthu adabwa ndi kucuruka kwa zimene zituluka m'buloko ya zaka 30. Ndipo popeza mapulagi onse amwa madzi amodzimodzi kwa zaka zofanana, imodzi ikabooka anzace ali m'njira. Mwini lole amene asintha imodzi yokha kuti asunge ndalama adzabweranso pansi pa lole yomweyo nyengo ya zokolola isanathe.

KUPIMA NDI KUKHOMA

Apa ndi pamene ambiri alakwa. Pulagi siigwira ndi guluu. Igwira cifukwa inapangidwa yokulirapo pang'ono kwambiri kuposa ciboo cace, ndipo ilowa mothinana. Kusiyanako n'kocepa kuposa kunenepa kwa cikhadabo, cotero kuyerekeza ndi maso sikuthandiza. Mainjini akale a ku Britain anapimidwa m'mainchi, pamene a ku Germany ndi Japan apimidwa m'mamilimita. Ciboo ca inchi imodzi ndi theka ndi mamilimita 38.1, ndipo wogulitsa m'sitolo angakupatseni pulagi ya mamilimita 38 ali ndi mtima wabwino ndithu. Idzalowa mosavuta, ndipo idzatulukanso mosavuta pa citunda coyamba. Pimani ciboo ndi veniya, kapena pitani ku sitolo ndi nambala ya injini. Pulagi yakale yopindika ndi nyundo si muyeso wodalirika. Gulaninso imodzi kapena ziwiri zapadera, cifukwa yolowa mokhota siibwezedwa.

Pa funso lakuti yabwino ndi ya citsulo kapena ya bulasi, amakanika sagwirizana. Ya citsulo ndi yochipa ndipo ndiyo inabwera ndi injini. Ya bulasi, mkuwa wacikasu uja, siicita dzimbiri. Ena amati zitsulo ziwiri zosiyana zikakhudzana m'madzi cimodzi cidya cinzace, ndipo n'zoona, koma buloko ndi yaikulu kwambiri poyerekeza ndi kapulagi, kotero kuti kudyekako sikuoneka. Kwa lole imene iyenda m'midzi, imene tsiku lina idzamwabe madzi a pa citsime, wolemba nkhani ino aona kuti ya bulasi iposa, makamaka pa malo ovuta kufikapo.

Konzani mlomo wa ciboo ndi sandipepa yosalala kufikira citsulo ciwala, ndipo yendetsani cala mozungulira kuti mumve ngati pali mkando kapena tizenje ta dzimbiri. Pukutani pauma. Pakani mankhwala omatira magasiketi mopyapyala pa mlomowo ndi m'mphepete mwa pulagi. Nchito ya mankhwalawo ndi kudzaza timikando tosaoneka. Kupaka silikoni wambiri kuononga, pakuti wotsala m'kati athothoka napita kukatseka timapaipi ta rediyeta.

Cokhomera cabwino ndi soketi imene ilowa m'kati mwa kambale momasuka pang'ono. Ikathina, pulagi polowa ifinya soketi n'kukana kuibweza, ndipo ikacepa kwambiri iboola kapena kupinda pansi pa kambale milomo n'kufooka. Lumikizani soketi ku citsulo cace cotalikitsa, ikani pulagi molunjika, mbali yakuya ikuyang'ana kwa inu, ndipo menyani ndi nyundo mofatsa. Mukamenya kawiri kapena katatu, imani muone ngati mbali zonse zilowa mofanana. Mbali imodzi ikatsogola, menyani yotsalayo. Lekani pamene milomo ya pulagi yalingana ndi mlomo wa ciboo kapena yalowa pang'ono, ngati milimita imodzi, kupitirira posendeka pa m'mphepete. Ikapitirira kwambiri yasiya pogwira, ndipo iyenera kucotsedwa.

Ya mtundu wa ndalama ili ndi khalidwe lina. Iikidwa pa kacidutswa kace, cotumphuka cikuyang'ana kunja, ndipo imenyedwa pakati ndi citsulo ca nsonga yafulati. Pamene cotumphuka ciphwa, m'mphepete mutambasuka ndi kuluma buloko. Imenyedwe kufikira itatsala pang'ono kukhala fulati. Mukapitiriza kufikira italowa m'kati ngati mbale, m'mphepete mubwerera ndipo yamasukanso.

PULAGI YA KUMBUYO

Pa mainjini ambiri pali pulagi ina kumbuyo kwa buloko, kuseri kwa gudumu lolemera limene amati flywheel. Cizindikiro cace ndi madzi odontha pansi, pamene injini ilumikizana ndi giyabokosi. Imeneyi ndiyo iliritsa eni malole, cifukwa kuti munthu aifike ayenera kutsitsa giyabokosi, kumasula kilaci ndi gudumulo, ndipo pa mainjini ena ndi cikho cace comwe. Madzi odonthawo acititsanso dzimbiri pa kilaci. Nzeru yace ndi yakuti tsiku limene musintha mbale ya kilaci, pamene zonsezi zili pansi kale, uzani makanika asinthe ndi pulagiyo, ngakhale ioneke yabwino.

Giyabokosi ya lole ilemera kuposa anthu awiri kapena atatu. Isatsitsidwe ndi manja kapena kusanjikidwa pa njerwa. Pafunika jeke ndi cheni comangidwa pa mtanda wolimba.

ZA PA MSEU

Woyendetsa amene zamugwera pakati pa chire acita zimene angathe, ndipo sitingamudzudzule. M'masitolo a zida muli mapulagi a labala okhala ndi nati pakati. Mukamanga natiyo labala afufuma natseka ciboo, osafuna nyundo, ndipo n'kwanzeru kusunga imodzi ya muyeso wa injini yanu m'bokosi la masipanala. Ena asema kamtengo kouma nakakhomera. Ena amata kaciboo kakang'ono ndi phala louma msanga la Pratley. Pa zonsezi ayenda pang'onopang'ono, civundikiro ca rediyeta cili comasula pang'ono kuti madzi asakankhe, ndipo aima kawirikawiri kuonjezera madzi. Izi ndi zofikitsa lole ku galaji. Vuto n'lakuti lole ikafika kwao mwini wace aiwala, ndipo kamtengo kaja kayenda ulendo wina ndi matumba 200 pamsana.

Cizolowezi cimene tiyenera kucitsutsa ndi cothira ufa, mazira kapena fodya m'rediyeta kuti zitseke podontha. Nthawi zina podontha patsekekadi, koma zotsalazo zitsekanso timapaipi ta rediyeta, ndipo injini iyamba kutentha pa citunda ciliconse. Cinanso: injini ikawira madzi n'kutha, musathire madzi ozizira nthawi yomweyo. Citsulo cotentha cikakumana ndi madzi ozizira cing'ambika monga mphika wadothi. Dikirani izizire.

Ngati pulagi yatsopano, yopimidwa bwino ndi yokhomedwa molunjika, yathothokanso, funani cifukwa kwina. Gasiketi ya hedi ikapsa, mpweya wa m'silinda ulowa m'madzi ndi mphamvu yaikulu. Muzindikira ndi thobvu lotumphuka pa mlomo wa rediyeta injini ikalira, ndi mapaipi a labala olimba ngati tayala. Civundikiro ca rediyeta cimene cakana kutsegula pa muyeso wace cingacitenso zomwezo.

MANKHWALA A M'REDIYETA

Nchito yonseyi ipita pacabe ngati m'buloko mubwereranso madzi a pa citsime. Mankhwala a m'rediyeta, amene m'masitolo amati kulanti kapena antifreeze, ambiri awayesa a ku maiko ozizira okha kaamba ka dzina laciwirilo. N'zoona kuti osakaniza theka ndi theka ndi madzi saundana kufikira kuzizira kutatsika madigiri 37 kunsi kwa ziro, cimene ife tilibe naco nchito. Koma mankhwala omwewo akweza muyeso umene madzi awirira, ndipo koposa zonse ali ndi zoletsa dzimbiri zimene zikuta citsulo m'kati. Pa mainjini a dizilo amene masilinda ace ndi malaina okhudzana ndi madzi, zoletsazo ziteteza malainawo ku tizenje timene tibooka ndi kunjenjemera kwa injini. Pa mainjini otere funsani mankhwala opangidwira malole a dizilo.

Werengani pa cigubu. Ena agulitsidwa osakaniza kale, ndipo ena afuna kusakaniza. Madzi osakanizira akhale a batire, ndipo akasowa, a mvula oyera osefedwa aposa a pa mjigo. Mtundu wa mankhwala, kaya wobiriwira kaya wofiira, suuza munthu zimene zili m'kati, cotero musasakanize a makampani osiyana mwacisawawa. Zoletsa dzimbiri zimatha mphamvu. Mankhwala a mtundu wakale afuna kusintha pakapita zaka ziwiri.

Kwa amayi ndi abambo a pa nyumba pali cenjezo. Mankhwalawa ali ndi ethylene glycol, amene atsekemera pa lilime koma ndi poizoni woononga impso. Mwana, galu kapena mbuzi zingamwe mokondwa. Asasungidwe m'botolo la zakumwa, ndipo ocotsedwa m'lole asatayidwe pa bwalo kapena pafupi ndi citsime. Munthu akamwa, apite naye ku cipatala nthawi yomweyo, ngakhale aoneke ngati woledzera cabe.

Mukadzaza, lizani injini kufikira itatentha, kuti mpweya wotsala m'tinjira utuluke, ndipo yenderani pulagi iliyonse ndi toci. Ikazizira onjezerani pamene pacepa. Usiku umenewo yalani katoni kunsi kwa injini, ndipo m'mawa muone ngati pali dontho. Ulendo woyamba ukhale waufupi ndi wopanda katundu.

Alimi amene alibe lole koma aipangana kuti inyamule mbewu zao kupita ku depoti ya Food Reserve Agency kapena ku Lusaka nawonso ali ndi maso. Fikani m'mamawa lole isanalizidwe, ndipo yang'anani pansi pamene inagona. Pemphani woyendetsa atsegule rediyeta ikali yozizira, muone ngati madzi ali a mtundu wa mankhwala kapena ofiira ndi dzimbiri. Werenganinso zigubu za madzi zimene zamangidwa kuseri kwa kabu. Cimodzi ndi ca pa ulendo. Zikakhala zinai kapena zisanu, funsani kumene madziwo apita musanakweze thumba loyamba.